Malamba Obwereka

Lachitatu, 11 Juni

Tabwerako ku chipatala cha ku boma. Fupa la paphewa lakumanzere lathyoka. Pachipumi asoka, ndawerenga ulusi, kasanu ndi kawiri. Dzino limodzi la m'mwamba latsala m'galimoto. Abigail, mwana wanga, ali ndi zaka zisanu.

Ndilembe zimene zachitika nkhani isanayambe kusintha m'kamwa mwa anthu. Dzulo cha m'ma 13 koloko, minibasi ya Danwell, mkulu wawo wa amuna anga, inkabweza ana kuchokera ku sukulu ya ku boma. Ana khumi ndi mmodzi. Itangodutsa kamlatho kachiwiri, ng'ombe zinatulukira mumsewu. Anaponda mabuleki. Sanagunde chilichonse, galimoto ilibe ndi pokalika pomwe. Koma ana onse anaulukira kutsogolo. Abi anali pampando wachiwiri, kuzenera, ndipo nkhope yake inakakumana ndi chitsulo cha kumsana kwa mpando wa patsogolo pake.

Kuchipatala Danwell anandigwira dzanja. "Phepani alamu, ni ngozi. Chiuta wativikilila." Ndiko kuti Mulungu watiteteza. Ndinati yewo, zikomo wa kuno.

M'buku muno sindilemba kuti "a Danwell". Ulemu ndimupatsa pakamwa, zikwanira. Muno ndi D. basi.

Funso langa n'limodzi. Mu Januwale, tsiku limene ndinavomera kuti Abi azikwera, ndinalowa ndekha m'galimoto muja. Mpando uliwonse unali ndi lamba wa m'chiuno, wakuda. Ndinawakoka ndi manja angawa. Lero ndasuzumira pazenera, mulibe ngakhale mmodzi. Anapita kuti?

Lachinayi, 12 Juni

Minibasi yadutsa 6:40 monga masiku onse, ana khumi m'kati. Waliza hutala pageti pathu. Kaya n'chizolowezi, kaya ndi moni.

Abi sakulira. Akungofunsa ngati dzino lidzamera. Lidzamera, linali la ubwana. Za chipsera sanafunse, pagalasi sanayang'anebe.

Lachisanu, 13 Juni

Ndawafunsa a Haswell za malamba aja. Poyamba anati sakudziwa. Ndinangokhala n'kuwayang'ana, amuna anga satha kupirira chete. Kenako: "Anali obweleka."

Zimayenda chonchi. Galimoto ikamapita ku fitinesi ku Chipata, zimene ulibe umabwereka kwa mnzako. Matayala awiri abwino, chozimira moto, malamba. Woyeza amaona zonse zilipo, n'kusaina, sangalote kuti si zako. Ukabwerako, sipanala m'manja, chilichonse chibwerera kwa mwini wake. Malamba aja anali a minibasi ina ya ku Mwase. Anagona m'galimoto ya D. masiku anayi. Ine ndinapita kukayendera tsiku lachitatu.

"Onse amachita so, amake Abi."

"Inu mwadziwa bwanji zonsezi?"

Anayang'ana pansi. "Ninawathandiza kumasula."

Sindinakuwe. Ndinaliza njinga yamoto n'kupita kukayeza mtedza wa kalabu ya amayi, monga zinalili pa ndondomeko ya ntchito. Mlangizi sajomba pa nthawi yogulitsa. Sikelo ndinaiwerenga molakwika kawiri, amayi aja anandikonza.

Loweruka, 14 Juni

Abi wagona masana onse, ine ndawerenga pafoni. Ndilembe pano kuti ndisamabwereze kufunafuna.

Lamba wa m'chiuno yekha sakwanira. Thupi limapindika pakati, mutu n'kukamenya kutsogolo. Pafunika wodutsa paphewa. Koma wa paphewayo anapangira munthu wamkulu. Kwa mwana amadutsa pakhosi, wa m'chiuno n'kukwera pamimba pofewa. Choncho mwana amafunika kampando kolimba komukweza, kokhala ndi tinyanga m'mbali togwira lamba kuti akhale pa mafupa a m'chiuno. Mpaka atafika masentimita 135, mayiko ena amati 150. Abi ndamuyeza ndi tepi ya kumunda, 109. Pa khadi la kuchipatala, makilo 19.

Chachikulu ndi pomangirira. Bawuti wolimba wolowa m'chitsulo cha mzati wa galimoto, kuseri kwake kachitsulo kokhuthala kuti bawutiyo asang'ambe lata.

Minibasi ya D. inalowa m'dziko muno ngati galimoto ya katundu. Mipando anawotcherera ndi munthu wa mafelemu a zitseko. Izi ndinkazidziwa mu Januwale. Ndinakoka malamba, pansi pa mipando sindinayang'ane. Cholakwa ichi n'changa, ndachilemba.

Lamlungu, 15 Juni

Anatiitana ku Magodi kwa apongozi titatuluka m'tchalitchi. Amuna pamipando, ife pamphasa. Mbuzi yoyera itamangidwa pa ngolo, inalira nkhani yonse. D. anaimirira, chipewa m'manja. Anapepesa kwa bambo ake, kwa a Haswell, kwa banja lonse la a Zimba. Kwa ine anangopotolokera pang'ono.

Apongozi aamuna anayankhula mofatsa ndithu. "Mwana ngwithu, na mulandu ngwithu. Ng'ombe zikaluta ku Mwase, NyaMwale wakumanya. Vya polisi yayi." Ndiko kuti ng'ombe za malowolo zinapita kwathu, ine NyaMwale ndikudziwa, choncho mwana ndi wawo, mlandu ndi wawo, autseka okha ndi mbuzi, popanda polisi. Kwathu ku Mwase woyankhula akanakhala mlongo wanga, malume ake a mwana. Kuno mayi amagwada.

Ndinagwada. Ndinati ndamva.

Faides, mkazi wa D., anandinong'oneza pamphasa paja: "Ana amachila msanga, amake Abi." Ake onse atatu amayenda wapansi kupita ku sukulu ya pafupi, sanakwerepo minibasi ya bambo awo.

D. analonjeza pamaso pa onse kuti sabata ino amanga malamba, "a paphewa enieni, monga mu ndeke." M'ndege apaulendo amamanga a m'chiuno. 

Mbuzi ili kuseri kwa nyumba yathu, ikudya nyemba zanga. Nyama yake sindidzailawa.

Lachiwiri, 17 Juni

Waima pageti masana, hutala katatu. "Alamu, bwelani muone!"

Malamba ali m'kati. Anakawatola ku magalimoto akufa ku Chipata, mitundu yosiyanasiyana, wina wofiirira, wina wotuwa. Pamipando ya ana aang'ono pali zidutswa za matiresi zokutidwa ndi chitenje, ntchito ya Faides, wasoka bwino. Ndiye timipando tokweza ana timeneto.

Ndinayang'ana m'mwamba pamene lamba wa paphewa wamangirira. Kamutu kangodya zisanu ndi imodzi, pansi pake kamphira kakuda. Ndikukadziwa. Tinagula timeneti makilo awiri pofolera shedi ya kopaletivu. Masikuluwu a malata, olowa mu pulayiwudi imene anakutira m'kati mwa galimoto.

"Zabwino, alamu," ndinatero. "Nijambule niwaonetse a Haswell."

Anasuntha kuti ndijambule bwino. Anaikapo ndi chala chachikulu.

Lachitatu, 18 Juni

Ndapita kwa a Manasseh, makanika wachikulire wa kuseri kwa msika ku boma, amene amatikonzera njinga zamoto za ku ofesi. Ndinawaonetsa chithunzi. Anavula magalasi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Madamu, iyi ni sikuluwu ya malata! Afuna kufolela ana?"

"Ingagwire makilo angati?"

"Pa pulayiwudi? Mungapachikepo jekete. Jekete yonyowa, sinilonjeza."

Anandijambulira pansi ndi msomali mmene ziyenera kukhalira. Kuchotsa pulayiwudi. Kuboola mzati. Kuseri kachitsulo kokhuthala, kukula ngati chikhatho. Mabawuti olimba, osati a pa geti. Mipando nayo kuimanga mabawuti obooleza pansi, kunsi kwake zitsulo zina. Ntchito ya masiku awiri.

Kenako anati, akupukuta manja: "A Danwell anabwela kuno pa Mande. Ninawauza zonse izi, monga nakuuzilani. Anati masiku awili motoka ili chiimile, ni zosatheka."

Choncho anadziwa. Mu Januwale anadziwa, Lolemba anadziwanso. Mwana wanga ali ndi ulusi pankhope, iye n'kupita kukagula zofolera.

Pobwerera ndinadutsa pa polisi, ndinachepetsa liwiro, sindinaime. A Haswell andipempha kale kawiri kuti ndisakanene, akuti ndikatero ndawachotsa pa banja. Koma si chifukwa chake. Pepala la fitinesi D. analipeza ndi zobwereka, adzalipezanso. Ine pepala sindikulifuna. Ndikufuna anthu amene amamupatsa ana awo m'mawa uliwonse aone ndi maso awo, iye ali pomwepo, ndipo asowe poyang'ana.

Lachinayi, 19 Juni

Zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito iyi ndaphunzira chimodzi. Mlimi ungamuuze za mbewu mpaka mawu kutha, adzangoti yewo. Lima mizere iwiri m'mbali mwa msewu, uwu wako uwu wake, adzabwera yekha kudzafunsa.

D. waitana makolo Loweruka ku bwalo la mpira kuti awaonetse malamba, chifukwa awiri ayamba kung'ung'udza. Tsiku la chionetsero waitanitsa yekha. Ine ndingobweretsa mbewu.

Ndayeza chimanga m'matumba awiri. Laling'ono makilo 19. Lalikulu 40, ngati mwana wa giledi seveni. Juzi ya sukulu ya Abi sindinaichape chiyambire tsiku lija. A H. anaifunsa dzulo, ndinati ndinaitaya.

Lachisanu, 20 Juni

Achotsa ulusi. Wadziyang'ana pa galasi la njinga yamoto nthawi yaitali, kenako wati, "Mami, chili ngati njanji."

Loweruka, 21 Juni

Ndilembe mwadongosolo, ndikufuna kudzawerenga izi ndikadzakalamba.

Makolo asanu ndi anayi, ndi anthu ena a pa magolosale amene sasowa pachilichonse. D. atavala malaya oyera, watsegula chitseko cha minibasi ngati akutsegula sitolo. Makolo akusuzumira, akugwedeza mitu. Tryphena, namwino wa pa kiliniki yathu, amene ana ake awiri amakwera, anakoka lamba mmodzi mwaulemu, ndi zala ziwiri.

Ine ndinafika ndikukankha wilibala. Thumba laling'ono litavala juzi ya Abi, magazi atauma pakolala.

"Alamu, nabweletsa ma pasenja!"

Anthu anaseka. Apa ndiye panali msampha wanga wonse. Mlamu akakuseka pagulu, suyenera kukwiya. Wokwiya ndiye wagwa. D. wakhala akundidya ndi lamulo limeneli zaka zisanu ndi zitatu, pa maukwati ndi pa maliro pomwe, akunditcha profesa wa manyowa, ine n'kumaseka nawo. Lero linali tsiku langa.

Anayesetsa. "Awa ali giledi chani, alamu?"

"Wamng'ono ni wa nasale, makilo 19, monga Abi. Wamkulu alemba mayeso chaka chino. Ife a zaulimi sitigawa mbeu tisanaiyese. Muwamange mweka, muyambile pa chulu paja, pa golo mupondepo buleki monga tsiku lija."

"Motoka yanga si munda."

"Muopa thumba, alamu? Mwamuna yense wa a Zimba?"

Amayi anaseka mokweza. Wina wa pa golosale anakuwa, "Kwelani a Zimba, chimanga sichiluma!" D. anayang'ana a H., a H. anayang'ana nsapato zawo. Anamanga matumba yekha, laling'ono pampando wachiwiri pamwamba pa matiresi, lalikulu kumbuyo. Ndinapempha Tryphena akhale kutsogolo aziona liwiro, pa 50.

Fumbi kuchokera pa chulu. Pa golo, mabuleki. M'kati munamveka phokoso kawiri, motsatizana.

D. sanatsike msanga. Chitseko ndinatsegula ine, ndipo chimanga chinakhuthukira pa mapazi anga. Matiresi anali ataphwatalala, thumba laling'ono litapulumuka kunsi kwa lamba n'kukamenya chitsulo chomwe chija. Kolala ya juzi inakola pachitsulopo, juzi ili lende. Lalikulu linali pansi pakati pa mipando, lamba wake ali pamwamba pake, kunsonga kukulendewera sikuluwu ndi chidutswa cha pulayiwudi.

Kuseka kunatha. Nkhuku za pa golosale zinafika msanga kuposa mawu a munthu aliyense.

Tryphena anatsika, anazungulira, anayang'ana juzi ija. Anati, "Apa ni pamene akhala Taizya wanga manje." Anagwira ana ake manja n'kumapita, osatsanzika.

Ndinayankhula mosakweza mawu, koma aliyense anamva. Kuti iyi ndi buleki chabe, sanagunde kanthu, pogunda mphamvu yake imawirikiza kambirimbiri. Za malamba a mu Januwale, kumene anachokera ndi tsiku limene anabwerera. Za ulendo wake wa Lolemba kwa a Manasseh. Masiku ndi mayina, osawonjezera.

D. anati, "Alamu, mwanivula."

Ndinati, "Thumba ndilo lakuvulani."

Chimodzi ndivomere muno. Kukamwa kwa thumba laling'ono ndinamanga mfundo yosalimba, dala, kuti chimanga chimwazike. Kuzuka kwa sikuluwu n'koona, kupulumuka kwa thumba n'koona. Kumwazikako n'kwanga. Sindikudandaula.

Lamlungu, 22 Juni

Ndadya bwino. Kutchalitchi ndaimba mokweza. Faides anasamukira benchi lina. Apongozi aimba foni katatu, a H. akuyankhira kunja, ine sakundiyankhula.

Madzulo abwera kudzatenga mbuzi yawo. Nyemba zanga zapuma.

Lolemba, 23 Juni

6:40 ndinaima pageti ndi kapu ya tiyi, kuti ndimve kukoma kwa hutala wosalira. Sanalire. Makolo onse achotsa ana awo.

6:50 njinga yamoto. Woyendetsa ndi ana anayi. Taizya wa Tryphena, wa zaka zinayi, atakhala pa thanki, wagwira magalasi. Wa kumbuyo kwenikweni theka la matako lili m'malere, chikwama chikumukokera pansi. Palibe wa chisoti ndi mmodzi yemwe.

7:05 lole ya mabelo a fodya. Ana atatu pamwamba pa mabelo, m'mayunifomu.

Makilomita khumi ndi anayi a msewu wafumbi, ndi mchenga uja wa pa kamlatho kachiwiri pamene ine ndemwe ndinagwapo kawiri ndi njinga, ndili ndekha, ndili ndi chisoti.

Tryphena podutsa kupita ku kiliniki anandikwezera dzanja. "Mwatipulumutsa, madamu!"

Tiyi ndinamutaya m'maluwa.

Lachiwiri, 24 Juni

Lero asanu pa njinga imodzi. Ndawerenga kawiri.

Adokotala akuti Abi angayambe sukulu Lolemba, mkono uli m'nsalu. A H. andiyankhula koyamba chichokereni Loweruka: "Manje muzamupeleka pa njinga yanu? Azagwila na dzanja liti?" Sanafunse mwachipongwe. 

Ndakhala ndi pensulo masana onse kufuna njira ina. Galimoto ina yodutsa pano nthawi ya sukulu palibe. Chotetezeka kuposa zonse pamsewu uno ndi minibasi yomwe ija, itamangidwa bwino. Ndabwereza katatu, yankho silikusintha. Ndikudana nalo.

Lachitatu, 25 Juni

D. ndinamupeza kwawo atakhala pa njerwa pambali pa minibasi. M'kati mukadali chimanga m'makona. Faides atandiona analowa m'nyumba, mpando sanatulutse.

"Mwabwela kuona malilo?"

"Nabwela na pepala."

Ndinamuwerengera nditaimirira. Omanga ndi a Manasseh, osati wina. Pulayiwudi yonse ichoke. Mipando imangidwe pansi ndi mabawuti. Lamba wa paphewa pa malo aliwonse amene mzati ukufika, ndiye kuti malo asanu ndi atatu okha, otsala adzitenga ulendo wachiwiri. Mwana aliyense wosafika 135 akhale pa kampando kenikeni, timeneto ndipeza ine.

"Ulendo kawili? Mafuta muziwa mtengo wake?"

"Sininathe. Tikamanga, tiyesanso pa bwalo. Koma osati na thumba."

"Na chani?"

"Na inu. Pa mpando wa Abi. Oyendetsa ni ine."

 "Mufuna kunipha."

"Ngati malamba ali bwino, simufa."

Anatola njere ya chimanga pansi n'kumaipotokola ndi zala. "Makolo azabwelela?"

"Nikawauza ine, azabwelela. Nikakhala chete, sazabwelela."

Tonse awiri tikudziwa kuti n'zoona. Anatenga pepala lija osandiyang'ana.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinapita chifukwa cha Taizya ndi thanki ija basi. Koma mfundo yomalizayo ndinaiganizira njira yonse, ndipo ndi imene inandiyendetsa mofulumira.

Lachinayi, 26 Juni

Ndapempha masiku awiri ku ofesi. Tsiku lonse kwa a Manasseh. Atachotsa pulayiwudi tinapeza dzimbiri pansi pa mzati umodzi, anadula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano. Mpando wa kumbuyo unali utagwira ndi timadontho tinayi ta wowotcherera uja. A Manasseh anaugwedeza ndi bondo, unasuntha. "Apa ana anali kukhala pa pemphelo chabe."

Malamba a ku Chipata awayesa limodzi limodzi, kukoka mwadzidzidzi kuti aone ngati akuluma. Atatu sakuluma, awataya. Ena abwera mawa.

Kachitsulo ka kuseri kwa mzati kamafuna dzanja lowonda kuti likagwire m'kati pamene wina akumanga bawuti kunja. La a Manasseh silikulowa, la D. silikulowa. Langa likulowa. Choncho ine m'kati, D. ndi sipanala, mitu yathu yotalikirana ngati chikhatho, kasanu ndi katatu. Mawu amene tayankhulana tsiku lonse: gwilani, nagwila, siyani.

Lachisanu, 27 Juni

Ana ndawayeza onse pa chitseko cha kiliniki. Osafika 135 ndi asanu ndi mmodzi.

Linah, mng'ono wanga wa ku Chipata, anazungulira kwa ogulitsa magalimoto ochokera kunja. Ambiri amabwera ndi timipando ta ana m'kati, ogula satifuna, timangounjikidwa pakona ndi matayala. Wapeza tisanu, watumiza pa basi. Kachisanu ndi chimodzi ndakapeza ku boma, kwa wometa pafupi ndi siteshoni. Amakhazikapo ana pa mpando wake kuti mitu ifike pagalasi. Sankadziwa kuti n'ka m'galimoto. Tasinthana ndi thabwa lokhuthala lochokera kwa a Manasseh, ndipo anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Tamuyesa Abi pa kampando kake galimoto ili chiimire, kumbali imene lamba adutsa paphewa labwino. Pakati pa phewa, osati pakhosi. Wa m'chiuno pansi pa tinyanga. Ndaika chala, ndaona ndi maso. Iye anangoti, "Nitsike manje?"

Matiresi a Faides a Manasseh awakulunga pa chitsulo chija n'kumanga ndi mphira. Apeza ntchito yake.

Loweruka, 28 Juni

Anthu anali ochuluka kuposa sabata yatha. Nkhani inafika mpaka ku Magodi, apongozi aamuna anabwera pa njinga. A H. anaima patali pansi pa mtengo, Abi ali paphewa pawo.

D. anavala malaya oyera omwe aja. Analowa, anakhala pampando wachiwiri kuzenera, mawondo atagunda mpando wa patsogolo. Anadzimanga yekha. Wa pa golosale uja anakuwa, "Thumba la lelo ni makilo angati?" D. anayesa kuyankha, mawu sanamveke, chitseko ndinali nditatseka kale.

Layisensi ndili nayo chiyambire ntchito, koma galimoto yake ndinali ndisanaigwirepo. Giya yachiwiri ndi yolimba. Ndinazungulira kuseri kwa chulu n'kuloza golo.

Tinagwirizana 50. Pa 50 ndinayang'ana pagalasi. Anali atagwira lamba pachifuwa ndi manja onse awiri, maso ali pa chitsulo chija. Phazi langa silinachoke. 55.

"Alamu, yakwana."

60.

"Alamu."

Pa golo ndinaponda ndi mwendo wonse, mpaka msana wanga kuchoka pa mpando.

Lamba analuma. Ndinamva kugunda kwake m'chitsulo, kumodzi, kouma. Mutu wa D. unagwera kutsogolo n'kubwerera, chipewa chake chinandidutsa paphewa n'kukagwera pa galasi la kutsogolo. M'kamwa mwake munatuluka kamawu kakang'ono kamene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Fumbi linatipeza n'kutikuta. Kunja anayamba kuwomba m'manja.

Ndinazimitsa injini. Pagalasi ndinamuona akufuna kumasula lamba. Zala zikuphonya batani, zikubwerera, zikuphonyanso. Ndinamuyang'ana. Ndinadikira tsiku limeneli masabata awiri ndi theka, sindinafulumire.

Anayankhula osakweza mutu. "Abi analibe chogwila."

"Analibe."

Anthu anali akuthamangira kuno, wa pa golosale patsogolo, foni m'mwamba kuti ajambule. Ndinatsika, ndinazungulira, ndinatsegula chitseko pang'ono pokwana ine ndekha, n'kuima pomwepo msana uli kwa anthu. Manja ake anali akadali pa lamba. Ndinawachotsa, batani ndinadina ine.